Atsekera amuna anga pomwe munthu ndi amene anatilowera usiku, nditani?

Wobisa dzina: Admin mundibisire dzina chonde. Abale ndipatseniko nzeru, mutu waima. Lachisanu usiku cha m'ma 2 koloko tinamva loko akuthyola kukanyumba kathu kakuseri. Amuna anga atatuluka anapeza munthu atasenza matiresi, ndiye panali kulimbana. Aneba anatuluka, tinamutengera kupolisi, galimoto tinalipira ife. Loweruka anawaitana kuti akapereke sitetimenti, kufika kumeneko akuti vulani lamba ndi nsapato, mpaka lero Lachiwiri ali m'chitokosi. Apongozi akungoloza ine chala kuti ndinakaniza kuweta galu. Mlamu wanga amene tinamulipirira fizi mpaka koleji foni sakuyankha. Ndalama ya banki m'khonde ikufunika Lachinayi, mwana akulemba mayeso, ine BP yakwera. Wina wandiuza kuti ndikonze kangachepe ka belo. Ndi zoona?

Mdala wa ku Ndirande: MUNALAKWITSA POMUTENGERA KUPOLISI. Wakuba masiku ano ali ndi ufulu kuposa mwini nyumba. Kale anthuwa ankaopa, pano amatuluka m'mawa n'kudzakupatsa moni pa msika.

Mayi a mapasa: Pepani mayi. Ife anatibera mbuzi ndi njinga chaka chatha, titaimba 997 foni inangolira. Titapita m'mawa anati tibwere ndi dzina la amene tikumuganizira. Ndikanamudziwa ndikanabweranso kwa inu?

Mlongo wanu wa ku Zomba: Belo ya kupolisi ndi yaulere, musapereke ngakhale tambala. Chimene amafuna ndi anthu owaikira kumbuyo, okhala ndi ziphaso zawo za unzika, odziwika kumene amakhala. Komanso gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Koma mayi, mlandu umene awatsegulira ndi wanji? Simunanene.

Mdala wa ku Ndirande: Yaulere ya pa chikwangwani imeneyo. Pitani chimanjamanja mukaone ngati simubwerako ndi lamba yekha.

Achimwene a ku Joni: Kuno Johannesburg nyumba zambiri waya wamagetsi pamwamba pa mpanda, koma amalowabe. Bola kwanuko.

Dalaivala wa kabaza: Maola 48 amenewo Loweruka ndi Lamlungu sawerenga sisi, musawanamize mayiwa.

Mlongo wanu wa ku Zomba: Amawerenga achimwene. Lamulo limangoti maolawo akathera tsiku loti khoti silikugwira ntchito, apite naye tsiku loyamba limene khoti latsegula. Awa anawagwira Loweruka, nthawi inatha dzulo.

Dalaivala wa kabaza: Ine ndinagonamo kuyambira Lachisanu mpaka Lachitatu, mukundiuza za m'buku?

Amayi a Mvano: Gwadani pansi mayi, Paulo ndi Sila ndende inatseguka yokha pakati pa usiku. Za apongozizo musazitengere, ndi ululu wa mwana wawo.

Mdala wa ku Ndirande: Kwathu kuno timangokuwa kamodzi, nkhani imathera pomwepo. SITIVUTITSA BOMA.

Mphunzitsi wopuma: Bambo inu ndi akulu, zimene mukunenazo ndi mlandu wakupha, ndipo wakupha kupolisi sapereka belo, mpaka ku High Court. Anthu angati anaphedwa chifukwa chongokuwiridwa, pambuyo pake n'kudziwika kuti amachokera kumaliro? Mayi, lamulo limalola munthu kuteteza moyo ndi katundu wake, koma mphamvu ikhale yolingana ndi choopsacho. Munthu akagwa pansi, mwamumanga, inu n'kumapitiriza ndi mpini, pamenepo mlandu watembenuka. Ndiye ndifunse, munthuyo ali bwanji? Ali kuchipatala?

Venda wa m'tauni: Apolisiwa kumanga amakonda. Mwaiwala vakabu? Zinatengera Mayeso Gwanda, venda ngati ine, kupita kukhoti mpaka mu 2017 oweruza anathetsa gawo lina la lamulo lija. Popanda iye bwenzi tikusesedwabe usiku uliwonse.

Mayi a mapasa: Vakabu ikugwirizana bwanji ndi matiresi?

Mnyamata wa makamera: Amene akufuna CCTV yoonera pa foni andipeze ku inbox, timaika ndi solar yomwe.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Kangachepeko ndapempha kwa mlamu uja, waona meseji koma phee. Munthu tinamulera m'nyumba mwathu ameneyu.

Mlongo wanu wa ku Zomba: Mayi siyani za mlamu. Mawa lawirani, mukapemphe kuonana ndi mkulu wa polisiyo, osati wa pa kauntala. Mufunse mlandu ndi dzina la wapolisi amene akufufuza. Zikakanika pitani ku Legal Aid Bureau, amathandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Wapolisi akakupemphani ndalama, kuli bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi la Independent Complaints Commission, kulinso bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Koma tiyankheni funso la aphunzitsi.

Mdala wa ku Ndirande: Mabungwe mabungwe. Mukamafika kumeneko bambowo nsabwe zawamaliza.

Dalaivala wa kabaza: Apititsireni bulangete ndi chakudya, ndipo mulawe kaye pamaso pawo, apo ayi salandira.

Wobisa dzina: Mnyamatayo ali kuchipatala, akuti mkono ndi nthiti, koma anthu anali ambiri, si amuna anga okha. Ndipo kuba ndi kuba basi, ngakhale matiresiwo anali ake. Anachoka ndi ngongole ya lendi, ife tinangotsekera katundu wakeyo kuti akalipira adzatenge. Masana bwanji osabwera?

Mphunzitsi wopuma: Ha! Mayi, ndiye ndi wa lendi wanu? Musakalankhulenso chilichonse kupolisi musanaonane ndi loya.

Mayi a mapasa: Ine mbuzi zanga ndazibweza, nkhanizi ndi zosiyana.

Mdala wa ku Ndirande: A LENDI NDIYE OIPITSITSA. Wanga anathawa ndi chitseko chomwe.