Kusankha kampani yoika makabati a m'khitchini pa mtengo wapakatikati muno mu Harare

Nabanda, Mufakose

Ndikupereka moni kwa inu nonse, makolo ndi abale anga. Ine ndi bambo akunyumba tatsiriza kukuza nyumba yathu, ndipo chatsala ndi khitchini, imene pakali pano ili ndi makoma a pulasitala ndi mapaipi a madzi basi. Tikufuna makabati omangirira kukhoma, apansi ndi am'mwamba, pamodzi ndi sinki komanso pamwamba pogwirirapo ntchito. Thumba lathu silingafike pa makampani amene amakongoletsa nyumba za ku Borrowdale, komabe sitikufuna zotchipitsitsa zoti tidzazigumule zaka ziwiri zisanathe. Tatenga makotesheni ku makampani a ku Msasa ndi ku Graniteside, ndipo mitengo yake yatalikirana kwambiri, chikhalirecho zithunzi zimene onsewo atisonyeza pa foni zikuoneka zofanana. Kodi munthu wosadziwa za matabwa ngati ine ayang'ane chiyani kuti azindikire kampani yodalirika?

Bambo Phiri, Highfield

Mayi Nabanda, ine ndakalambira pa ntchito ya ukalipentala, ndiye mundilole ndiyankhe motalikirapo pang'ono. Zithunzi zikufanana chifukwa makampani ambiri apakatikati amagula mabolodi amtundu umodzi m'masitolo omwewo. Thupi la kabati limapangidwa ndi chipboard chokutidwa ndi melamine (kachikuto kolimba konga pulasitiki), chochindikala mamilimita 16, ndipo ambiri mwa mabolodiwa amachokera ku South Africa, monga a PG Bison. Zitseko zimakhala za bolodi lomwelo kapena za MDF (bolodi la ufa wa matabwa wopanikizidwa) yopaka penti kapena yokutidwa ndi pulasitiki. Choncho kusiyana kwa mtengo kumabisala m'malo amene kamera siifikako, ndipo n'kumeneko kumene muyenera kupisako dzanja.

Mukapita kumene amasonyezera katundu wawo, tsegulani chitseko cha kabati ndipo muyendetse chala m'mphepete mwake. Chipboard ndi tizidutswa ta matabwa tomatidwa ndi guluu, ndipo chimene chimatchinga madzi kuti asalowe mkati ndi kalamba kamene amamata m'mphepetemo. Wofuna kuchepetsa ndalama amaika kalamba kopyapyala ka mamilimita 0.4, kapena amangomata mbali zooneka n'kusiya zobisika zili pamtunda. Pa zitseko ndi pa madirowa muumirire kalamba ka milimita imodzi kapena awiri. Bolodi likangomwa madzi limafufuma ngati buledi wonyowa, ndipo silibwereranso mwakale ngakhale mutaliyanika padzuwa.

Nkhani ya madzi ndikuikokomeza chifukwa cha mmene tikukhalira muno mu Harare. Madzi a khonsolo akasiya kutuluka timadzaza zidebe ndi zigubu n'kuziika pansi pa sinki, ndipo nthawi zina mwana amaiwala kutseka mpope, madziwo n'kubwera pakati pa usiku anthu ali m'tulo. Pa chifukwa chimenechi, funsani ngati makabati apansi adzakhale pa timiyendo tapulasitiki totha kukwezedwa ndi kutsitsidwa, kapena ngati bolodi lidzagunde pansi penipeni. Logunda pansi limamwa madzi okolopera tsiku ndi tsiku, komanso limapatsa chiswe njira. Pa kabati ya sinki pemphani bolodi losamva chinyontho, ndipo malo onse amene abowola kuti papite paipi awamate ndi silikoni.

Za mahinji ndi njanji za madirowa, afunseni dzina la kampani imene inazipanga. Blum ya ku Austria ndi Hettich ya ku Germany ndi mayina odziwika, ngakhale kuti alipo ena otsikirapo mtengo amene amagwira bwino ntchito. Amene akuzemba kutchula dzina ameneyo mumukayikire.

Mayi Nachisale, Mabvuku

Achemwali, zimene anena Bambo Phiri n'zoona zokhazokha, ine ndingowonjezerapo za ndalama, chifukwa n'zimene zinandiliza. Kampani ina inatenga pafupifupi ndalama zonse ntchito isanayambe, inabweretsa makabati opanda zitseko, kenaka foni yawo inasiya kuyankhidwa, moti tinakhala miyezi tikutchinga mbale ndi nsalu kuopa fumbi. Musalipire zonse kumayambiriro, ngakhale atakulonjezani kukuchotserani mtengo. Gwirizanani kuti mupereka gawo loyamba logulira zipangizo, lachiwiri katundu akafika pakhomo panu, ndipo lotsiriza pokhapokha mutatsegula ndi kutseka chitseko ndi dirowa iliyonse ndi manja anu.

Kotesheni ya mzere umodzi yongonena mtengo wa khitchini yonse musailandire. Ilembe chiwerengero cha makabati ndi miyeso yake, mtundu ndi kuchindikala kwa bolodi, dzina la mahinji, ngati sinki ndi mpope zili momwemo, yemwe adzalipire pulamba ndi wamagetsi, tsiku lotsiriza ntchito, komanso zaka za chitsimikizo chawo. Mukawapempha onse kuti alembe motere mudzaona kuti wotchipa uja anasiya zinthu zingapo zimene mudzagulabe panokha. Papepalapo palembedwenso kuti mtengowo ndi wa madola a ku America kapena wa ZiG, ndalama imene inayamba mu Epulo 2024, kuti pasadzakhale kukangana pa tsiku lolipira gawo lotsiriza. Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la mu 2019 lilipo, ndiponso bungwe la Consumer Council of Zimbabwe limalandira madandaulo, koma dandaulo lanu limakhala lamphamvu mukakhala ndi risiti ndi pangano lolembedwa.

Chinanso, apempheni akutengereni kunyumba imene anaikamo khitchini zaka zitatu kapena zinayi zapitazo, osati ya mwezi watha. Mwini nyumbayo mumufunse pambali ngati anthuwo anabweranso pamene chitseko chinayamba kulendewera.

Achimwene Mwale, Glen View

Amayi anga, ine ndisiyana pang'ono ndi akuluakulu amene ayankha kale, pakuti onse akukamba ngati kuti njira ndi ya kampani yokha. Kuno ku Glen View Area 8 kuli akalipentala aluso, ena mwa iwo anaphunzira ntchito m'makampani omwewo a ku Msasa. Masitolo ogulitsa mabolodi amadula ndi kumata m'mphepete ndi makina mukawapatsa miyeso, ndiye mukhoza kugula nokha bolodi ndi mahinji amene mukufuna, kalipentala n'kumulipira ya luso lake lokha. Ndivomereze kuti njirayi imafuna munthu wokhala ndi nthawi yoyang'anira ntchito, ndipo chitseko chikapindika palibe ofesi yokadandaulako. Komanso msika wa Area 8 wapsapo kangapo ndi moto, choncho zipangizo zimene mwagula zizisungidwa kunyumba kwanu ndipo ntchito izichitikira komweko.

Pamwamba pogwirirapo ntchito ndikulimbikitsani mwala wa granite. Wakuda uja amaukumba konkuno ku Zimbabwe, ku Mutoko, ndipo umatumizidwa mpaka ku mayiko a ku Ulaya, ndiye si chinthu chochita kuitanitsa kutali. Ngati ndalama zaperewera, kuli bwino kuchepetsa makabati am'mwamba n'kudzawonjezera m'tsogolo kusiyana ndi kuika bolodi pamalo pamene pazikhala madzi ndi mapoto otentha.

Nabanda, Mufakose

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ine ndimaweruka madzulo, motero za kuyang'anira kalipentala ndekha sindingazithe, ndipo ndibwerera ku makampani aja kuti akalembenso makotesheni mwatsatanetsatane. Bambo Phiri, ndithandizeninso pa ziwiri izi: kodi matailosi apansi tiike makabati asanabwere kapena pambuyo pake, nanga silinda ya gasi tingaibise m'kabati? Ndi kuzimazima kwa magetsi a ZESA, ife timaphikira gasi nthawi zambiri.

Bambo Phiri, Highfield

Matailosi apansi ayambe ndiwo, ndipo afike mpaka kukhoma, kuti madzi asapeze pobisala kunsi kwa makabati. Matailosi akukhoma adikire mpaka granite itaikidwa. Odula mwalawo abwere kudzayeza makabati atamangidwa kale, chifukwa makoma a nyumba zathu zowonjezera sakhala owongoka kwenikweni, ndipo mwala ukadulidwa molakwika suwonjezereka.

Silinda ya gasi malo ake abwino ndi panja, m'kakhola kachitsulo kokhoma ndi loko, paipi n'kudutsa pakhoma. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, ndiye akamadontha amatsikira pansi n'kudzaza m'kabati yotsekeka. Ngati panja palibe malo, kabatiyo ikhale ndi zibowo zopitira mpweya cham'munsi, ndipo musalole soketi ya magetsi mkati mwake.

Muwauzenso za kutalika. Makampani amazolowera kuika pamwamba pa makabati pa mamilimita 900 kuchokera pansi, m'lifupi mwake mamilimita 600 kuchokera kukhoma kufika kutsogolo, koma mukasanjikapo chitofu ndi mphika waukulu wa nsima, munthu wamfupi amavundula mapewa ali m'mwamba. Tengani mphika ndi mthiko wanu pa tsiku loyeza, muime pamalo pamene padzakhale chitofu, ndipo ngati pakufunika kutsitsa mbali imeneyo alembe muyesowo m'kotesheni asanadule bolodi.