Kodi za Maharishi Mahesh Yogi ndi chipembedzo kapena ndi mankhwala chabe?

Anaphiri a pa Boma:
Abale ndithandizeni. Ndimaoda nyemba ku Mandimba kudzera pa Chiponde, ndiye bambo amene ndimagulako anali msilikali nthawi ya Chissano. Atamva ndikudandaula za BP ndi kusowa tulo, anandiuza kuti kuusilikali ankawakhazika pansi, maso ali tsinzi, mphindi 20 m'mawa ndi madzulo. Akuti ndi chiphunzitso cha mmwenye wina, Maharishi. Ineyo ndimaswali kasanu patsiku, sindikufuna kulowa m'chipembedzo cha eni mosadziwa.

Mphunzitsi wa ku Malindi:
Mayi, bamboyo sanakunamizeni. Joaquim Chissano, yemwe anali pulezidenti wa dzikolo, anaphunziradi njira imeneyi nkhondo ya ku Mozambique ikutha mu 1992, kenako anailowetsa kwa asilikali. Imatchedwa Transcendental Meditation, ambiri amangoti TM. Maharishi anali wophunzira wa mkulu wachihindu, Swami Brahmananda Saraswati, yemwe anamwalira mu 1953. Patapita zaka zochepa anayamba kuphunzitsa yekha, n'kuzungulira dziko lonse. Mu 1968 oimba a Beatles anamutsatira mpaka ku Rishikesh ku India, apo ndiye dzina lake linawanda ngati moto wa tchire. Anamwalira mu 2008 ku Vlodrop, dziko la Netherlands.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Mumakhala pampando, mphunzitsi amakupatsani liwu limodzi loti muzilibwereza chamumtima, osalitchula pakamwa. Maganizo akathawira ku ngongole ya kubanki m'khonde simulimbana nawo, mumangobwerera ku liwu lija mofatsa. Ophunzitsa TM amalimbikira kuti si chipembedzo. Koma musanapatsidwe liwulo pamakhala mwambo: mumabweretsa zipatso, maluwa ndi kansalu koyera, mphunzitsi n'kuimba m'chinenero cha Sanskrit patsogolo pa chithunzi cha Swami uja. Ku New Jersey ku America nkhaniyi inafika kukhoti, ndipo mu 1979 oweruza anagamula kuti maphunziro amenewo m'sukulu zaboma anali achipembedzo. Pamenepo muganizepo nokha.

Che Bwanali wa pa Mpondasi:
Achemwali, chithunzi cha munthu ndi maluwa patsogolo pake, kwa ife ayi ndithu. Nanga tasbihi yanu yalakwanji? Mukatha swala ya Fajr khalani pamkekapo osathamangira kumsika, muchite zikiri pang'onopang'ono. Mukafunsenso ashehe anu.

Rasta wa ku Cape Maclear:
Aphunzitsi mwaiwala kunena kuti si zaulere, amalipiritsa ndalama zambiri. Komanso anthu akewo ankati akhoza kuuluka, koma mukaonera pa YouTube amangodumphadumpha pamatilesi atapinda miyendo. Kukhala chete kumene sindikutsutsa, azungu ena amachita m'mawa kunyanja kuno. Koma mapiritsi a BP musasiye mayi, mukayezetse kuchipatala.

Anaphiri a pa Boma:
Zikomo nonse. Mapiritsi ndikumwabe. Funso lina aphunzitsi: asilikali achisilamu a ku Niassa nawonso ankawachititsa mwambo wa maluwawo? Loweruka ndikawoloka ndikawafunsa bambo aja.