Kodi n'zoona kuti Ajeremani anatumiza Zeppelin ku Africa mu 1917?

Mayi wa ku Kapata:
Abale, mwana wanga wa Grade 11 akuti pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse Ajeremani anatumiza chindege chonga chibaluni kuti chiperekere katundu kwa von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali awo kum'mawa kwa Africa, uja anagonja ku Mbala. Kodi n'zoona? Ankachiyendetsa ndani, nanga chinafika?

Aphunzitsi a ku Katete:
N'zoona amayi, mwanayo wawerenga bwino. Chinali chindege cha mtundu wa Zeppelin chotchedwa L 59, ndipo kaputeni wake anali Ludwig Bockholt wa gulu la asilikali apamadzi. Anali atatchuka kale, chifukwa mu April 1917, akuyendetsa L 23, anatsitsa Zeppelin panyanja n'kugwira sitima ya ku Norway yotchedwa Royal.

Ananyamuka ku Yambol, m'dziko la Bulgaria, pa 21 November 1917 atasenza matani pafupifupi 15 a zipolopolo, mfuti ndi mankhwala. Unali ulendo wopita osabwerera, poti kuno kunalibe mpweya wa hydrogen woti adzazirenso. Akanafika akanachiphwasula chonse, nsalu yake n'kusokera matenti.

Chomwe chimandigwira mtima ndi mavuto a m'chipululu. Masana dzuwa linkafufumitsa mpweya uja mpaka wina kutayika, ndipo usiku kukazizira chombo chinkalemera n'kumatsika, moti usiku wina chinangotsala pang'ono kugunda pansi. Injini imodzi inawonongeka, ndiye wailesi yawo inkangolandira mauthenga, kuyankha ayi. Pa 23 November, ali chakumadzulo kwa Khartoum, m'dziko la Sudan, analandira lamulo loti abwerere. Anatera ku Yambol pa 25 November atakhala m'mwamba maola 95 n'kuyenda makilomita pafupifupi 6,800. Ganizirani kuchoka pa Chipata kupita ku Lusaka n'kubwerako, maulendo 6 osaima paliponse.

Bockholt sanakhalitse. Pa 7 April 1918, akupita kukaphulitsa Malta, L 59 inayaka moto pamwamba pa nyanja kufupi ndi Otranto ku Italy, ndipo palibe anapulumuka.

Mnyamata wa ku Mchini:
Koma aphunzitsi, munthu wayenda mtunda wonsewo n'kubwerera chifukwa cha mawu a pa wailesi? Ndikanakhala ine ndikanapitiriza basi.

Aphunzitsi a ku Katete:
Mwana wanga, ukanapitiriza kukatera kwa yani? Tsiku lomwe Bockholt ankatera ku Yambol ndi lomwe von Lettow-Vorbeck ankawoloka mtsinje wa Ruvuma kulowa mu Mozambique. Malo omwe anayenera kulandirira katunduyo anali atawasiya. Kaputeniyo analinso ndi anthu ake oti awapulumutse, ndipo anawabweza onse amoyo. Pamenepo ndimamupatsa ulemu.

Koma ine sindidandaula kuti katunduyo sanafike. Matani 15 aja akanatsika, akanasenza ndani? Mitu ya anthu akuda, a mtengatenga. Ambuya anga ankasimba za amuna a m'mudzi mwawo amene anatengedwa kudzera ku boma la Fort Jameson (Chipata wa lero) kukasenzera Angelezi, ena osabwerako. Ngakhale popanda zipolopolo za Bockholt, nkhondoyo inatha chaka china chathunthu ikuzungulira, mpaka inafika ku Kasama ndi pa Chambeshi mu November 1918.

Mayi wa ku Kapata:
Zikomo kwambiri aphunzitsi. Ndamuuza mwanayo kuti Loweruka tipite ku Chadiza akafunse ambuya ake za mtengatenga, alembe mayina amene akuwakumbukira.