Band ya RASSF1A ikutuluka posayenera pa MSP

Moni nonse akuluakulu. Tikugwiritsa ntchito MSP (methylation-specific PCR) poyeza methylation (kumatirira kwa magulu a methyl pa DNA) ya promoter (gawo loyatsa jini) ya jini ya RASSF1A pa DNA ya swab ya kuseri kwa mphuno, pofufuza khansa ya nasopharynx. Vuto ndi lakuti band (kamzere ka DNA pa gel) ikutuluka mumzere wa M, wosonyeza DNA yokhala ndi methylation, ngakhale pa DNA ya magazi a munthu wathanzi. Chubu cha madzi okha chilibe kanthu, ndiye sizikuoneka ngati zosakaniza za PCR zaipitsidwa ndi DNA ina.

Takweza kutentha kwa annealing (pamene ma primer amagwira DNA) kuchoka pa 58°C kufika 62°C, tatsitsa ma cycle a PCR kuchoka 40 kufika 35, tayesanso hot-start Taq (enzyme ya PCR yoyamba ntchito ikatenthedwa). Band yangozilala, sinatheretu. Mu bisulfite (mankhwala osandutsa cytosine wopanda methyl kukhala uracil) timaikamo 500 ng ya DNA, ndipo C666-1 (maselo a khansa ya nasopharynx, positive control yathu) ikutuluka bwinobwino.

Ndikukayikira kuti ma cytosine ena sakusanduka uracil. Inu mumatsimikiza bwanji kuti bisulfite yagwira mokwanira? Kapena tingosamukira ku qMSP (MSP yoyeza kuchuluka kwa methylation) ndi ACTB ngati jini yoyerekezera? Chonde tithandizeni.