Masutikesi awiri okha, koma katundu wadzaza chipinda: nditani abale?

Namwino wa ku Nchalo:

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndapeza ntchito yaunamwino ku Leeds, ku England, ndipo ndinyamuka kumayambiriro kwa mwezi wamawa. Ndikwerera pa Chileka, kudzera ku Addis Ababa mpaka ku London. Pa tikiti palembedwa 2PC, ndipo andiuza kuti ndi masutikesi awiri, iliyonse isapose makilo 23, kuwonjezerapo kachikwama kam'manja ka makilo 7.

Dzulo madzulo tinabwereka sikelo yokoloweka ija amayezera thonje, n'kuimangirira pa nthambi ya nimu kuseri kwa nyumba. Sutikesi yoyamba yakwana 27, yachiwiri 25. Pakona pali thumba lina lomwe sitinayeze n'komwe.

Zambiri zolemerazo si zanga ayi. Mayi abwera kuchokera ku Makhanga atasenza milamba yowamba, makakana ouma, ufa wa mapira womwe asinja okha, mpunga, masau, ufa wa malambe, mthiko ndi chipande. Abweretsanso poto wachitsulo wamkulu, mmodzi mwa zinthu zochepa zomwe anapulumutsa madzi atasefukira mu January 2015. Akuti ndikaphikiremo nsima yanga yoyamba kumeneko. Ndikangogwira chinthu kuti ndichichotse, amangondiyang'ana osanena kanthu, ine mtima n'kusweka, n'kuchibwezeramo.

Komanso anthu atatu abwera kale ndi timaphukusi toti ndikapatse abale awo kumeneko.

Tsono chabwino n'chiti, ndikalipire pa bwalo la ndege pomwepo kapena nditumize pa kago? Nanga nsombazi akandilola kulowa nazo?

Bambo a Chisomo, kwathu ku Ngabu:

Achemwali, choyamba tikuyamikireni, Mulungu akutsogolereni. Chachiwiri, sikelo ya thonjeyo musaikhulupirire. Tonse a kuchigwa kuno tikudziwa kuti masikelo amenewa ena amachepetsa. Ikakuuzani 27, mwina ndi 29. Pitani pa sikelo yopondapo ya kuchipatala kwanuko: kwerani nokha, kenako kwerani mutanyamula sutikesi, muchotsere.

Dziwani kuti zolipiritsa zilipo ziwiri ndipo n'zosiyana. China n'cha sutikesi yomwe yadutsa makilo 23, china n'cha sutikesi yachitatu. Sawonkhetsa pamodzi kuti ziwirizo zikwane 46, iliyonse amaiyeza payokha. Mmene mwapakiramu, masutikesi anu onse awiri adutsa, ndiye kuti mukalipira kawiri chifukwa cha makilo 6 okha. N'chimodzimodzi kutaya ndalama m'Shire. Chotsani makilo amenewo, muwaphatikize ndi za m'thumba lija, zikhale sutikesi yachitatu ya makilo 23, mulipire kamodzi. Ndipo muigule musananyamuke, pa intaneti kapena ku ofesi ya kampani ya ndegeyo ku Blantyre, chifukwa kawirikawiri pa kauntala mtengo umakwera. Sutikesi ikadutsa makilo 32 sailandira n'komwe, olo mutatulutsa ndalama. Kukula kwake amayezanso: m'litali, m'lifupi ndi msinkhu mukaphatikiza zisapose masentimita 158.

Ine zinandionekera mmene ndinkasamukira ku Birmingham. Ndinafika pa kauntala ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti akandimvera chisoni. Mayi amene anali pamenepo anangotembenuza nkhope ya sikelo kuti ndidzionere ndekha. Ndinagwada pansi, anthu ali pamzere kumbuyo kwanga, n'kuyamba kutulutsa nsapato, mabuku, bulangete. Mng'ono wanga yemwe anandiperekeza anali atabwerera kale kuti akapeze minibasi yotsika kuchigwa kusanade, ndiye zinthu zija ndinangopatsa munthu wosamudziwa. Buku lanyimbo la malemu bambo anga linapita momwemo, linali m'thumba la jekete yomwe ndinasiya. Mpaka lero chimandiwawa. Ndiye amene akuperekezeniwo asachoke mpaka masutikesi atalowa mkati, ndipo akhale ndi thumba lopanda kanthu m'manja.

Pawabanki ikhale m'chikwama cham'manja, m'sutikesi salola. Zamadzimadzi zam'manja zisapose mamililita 100 pa botolo. Masatifiketi anu onse ndi pasipoti zikhale pathupi panu.

Anaphiri a ku Tengani:

Mwana wanga, ine ndakhala ku Manchester zaka zingapo, ndikuyankhe za zakudyazo.

Nyama iliyonse, kaya ndi yofutsa kaya yowamba, komanso mkaka ndi zopangidwa ndi mkaka, zochokera kwathu kuno salola kulowa nazo ku Britain. Nsomba ndiye amalola, mpaka makilo 20 pa munthu mmodzi, zouma kapena zowamba. Choncho milamba ya mayi akoyo ipita bwinobwino. Mpunga nawonso amalola. Zipatso zambiri, ndiwo zamasamba zaziwisi ndi mbewu zimafuna chiphaso chochokera ku zaulimi chotsimikiza kuti zilibe matenda, ndiye masauwo ine ndingawasiye, ali ndi nthangala zake m'kati. Ukakayikira china chilichonse ukafika, kadutse khomo lofiira, uwaonetse wekha. Akachipeza iwo ukubisa ndiye nkhani imakula.

Nsombazo uziyanikenso padzuwa masiku awiri, dzuwa la ku Nchaloko silisewera. Mlamba uli ndi mafuta, ukaupakira usanaumitsitse umachita nkhungu. Ukulunge m'mapepala, uike m'majumbo awiri, kenako m'kontena yotseka bwino. Ine ulendo woyamba ndinangoika m'jumbo imodzi pakati pa zovala, ndipo zitenje zanga zonse zinanunkha utsi wa mlamba mwezi wathunthu, kuchapa katatu osachoka.

Koma ndikuuze chilungamo: mpunga usavutike nawo. Kuno uli mbwee m'sitolo iliyonse. Ufa wa chimanga umapezekanso m'masitolo a anthu a ku Africa. Chomwe ndimachisowa ine ndi ufa wa mapira wosinja pamtondo, wa fungo lakwathu lija. Umenewo tenga, olo makilo atatu. Mthiko ndi chipande sizilemera kanthu, ndipo ukadzagwira mthiko umenewo tsiku lozizira, kunja kutada 4 koloko masana, udzamvetsa chomwe mayi ako akuumirira.

Za timaphukusi ta anthuto ndiye undimvere bwino. Pa kauntala amafunsa ngati wapakira wekha komanso ngati wina wakupatsa kanthu koti unyamule. Chilichonse chopezeka m'sutikesi mwako ndi chako, sakafunsa za mwini wake wa ku Nchalo. Iwe ukupita pa viza ya ntchito, vuto limodzi lokha likhoza kukutayitsa zonse wavutikirazi. Aliyense amasule phukusi lake pamaso pako. Mankhwala azitsamba, ufa wosadziwika, chilichonse chomata ndi tepi chomwe mwini wake akukana kutsegula, bweza. Akwiya sabata imodzi, adzaiwala. Ukhoza kungowauza kuti makilo atha, ndipo sukunama.

Zovala zamphepo usadzaze nazo sutikesi. Jekete imodzi yabwino ya pa kaunjika, uinyamule pamkono pokwera ndege, zina ukagula konkuno.

Mphwanga wa pa Dyeratu:

Asisi, za kago ndiyankhe ine, ndinatumizirapo achimwene anga katundu. Kago imathandiza katundu akakhala wambiri, monga mabuku ndi ziwiya zodzaza makatoni angapo. Pa makilo 20 okha mudzangodzivutitsa. Iwo amayeza kulemera komanso kukula kwa katoni: amachulukitsa mbali zitatu m'masentimita, n'kugawa ndi 6000, ndipo amalipiritsa nambala yomwe yakula. Poto wopanda kanthu m'kati ndiye kuti mukulipirira mpweya. Ndalama yomwe mwalipira kuno siyomaliza, kofikira kumakhalanso yolipira kuti katundu atuluke, ndipo akachedwa kutengedwa amawerengera masiku.

Ngati mudzafune kutumiza zambiri m'tsogolomu, boma la Britain lili ndi fomu yotchedwa ToR1, yomwe imalola munthu wosamukira kumeneko kulowetsa katundu wake osalipira msonkho. Akhale katundu yemwe mwakhala naye miyezi 6 kapena kuposa, ndipo afike pasanathe miyezi 12 chisamukireni. Fomuyo mulembe katundu asananyamuke.

Kumbukiraninso kuti ku London sindiko kothera ulendo. Kuchoka ku Heathrow kukafika ku King's Cross n'kukwera sitima ya ku Leeds, masutikesi atatu ndi manja awiri, palibe wa kabaza kapena mnyamata wokusenzerani ngati pa depoti ya ku Nchalo. Pezeranitu wokuchingamirani.

Namwino wa ku Nchalo:

Takhuta, abale anga, nonse atatu. Ndinawawerengera mayi mayankho anuwa usiku, titakhala pamphasa pabwalo chifukwa m'nyumba simumakhalika ndi kutentha. Pa nkhani ya buku lanyimbo ija anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anadzuka okha, n'kukatulutsa mpunga wonse m'sutikesi, akuti ukhale wa adzukulu awo.

Lero m'mawa ndayeza pa sikelo yopondapo monga munanenera, Bambo a Chisomo, ndipo yoyamba ija inalidi 28. Tapakiranso zonse. Potoyo akupita: tamudzaza ndi zitenje, mthiko ndi chipande tazikulunga m'mbali mwake. Milamba ili padenga ikuuma. Sutikesi yachitatu ndikailipira Lolemba ku Blantyre, ndipo mnzanga yemwe anatsogola chaka chatha wavomera kudzandichingamira ku Heathrow.

Pa timaphukusi titatu tija, awiri anamasula okha, munali zitenje ndi tsabola wouma wosinja. Wachitatu anakana kutsegula, watenga phukusi lake, ndipo m'mawa uno sanandiyankhe moni pa mjigo.

Masau mayi akana kuti atsale pakhomo. Akuti awanyamula m'kansalu kawo, tizikadya m'galimoto pokwera mapiri a pa Thabwa. Anaphiri, ufa wa malambewu uli m'jumbo wamba wopanda cholembedwa chilichonse, kodi ndiuike m'botolo ndi kulembapo dzina, kapena ndikagule wa m'paketi ku Blantyre?