Kodi njoka ya mu Edeni ndi Satana? Nanga Ayuda amati bwanji?

Wa ku Area 25:
Abale ndithandizeni. Lachitatu likudzali ku mlaga kwathu tiphunzira Genesis 3. Mutu wonsewo dzina la Satana mulibemo. Ndime yoyamba ikungoti njoka inali yochenjera kuposa nyama zonse zakuthengo zimene Mulungu anapanga. Ndiye zoti njokayo ndi Satana tinazitenga kuti? Nanga Ayuda, amene anayamba kuwerenga bukuli ife tisanalione, amaimva bwanji nkhaniyi?

Mkulu wa mpingo, Kawale:
Mwaona bwino bambo. Mu Genesis njoka ndi cholengedwa, ndipo chilango chake pa 3:14 n'cha nyama: kukwawa ndi pamimba ndi kudya fumbi. Amene ananena poyera kuti ndi Satana ndi Chivumbulutso 12:9 ndi 20:2, pamene akuitchula "njoka yakale ija". Paulo pa 2 Akorinto 11:3 akungoti njoka inanyenga Hava, koma pa Aroma 16:20 akuti Mulungu adzaphwanya Satana pansi pa mapazi athu, ndipo apo khutu la aliyense limabwerera ku Genesis 3:15. Buku la Nzeru za Solomoni, limene lili m'Baibulo la Akatolika, linali litanena kale pa 2:24 kuti imfa inalowa m'dziko chifukwa cha kaduka ka mdyerekezi.

Pophunzitsa musayambire ku Chivumbulutso. Mukatero anthu saonanso mmene chinyengocho chinayendera, amangoti "anali Satana basi", nkhani n'kuthera pomwepo. Yambani ndi Genesis 2:16-17, muwerenge pafupi ndi 3:1-5, muwafunse chimene chasintha. Apeza okha kuti Mulungu analetsa kudya, koma Hava pa 3:3 akuwonjezera kuti ngakhale kukhudza n'koletsedwa.

Wophunzira Chiheberi, Biwi:
Pamene akulu asiyirapo m'pamene arabi, aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda, amapakonda kwambiri. M'buku lawo lakale lofotokozera Genesis, la Bereshit Rabbah, amati njoka itamva mawu owonjezerawo inakankha Hava mpaka anakhudza mtengo, kenaka n'kumuuza kuti, taona sunafe pokhudza, sufanso ukadya. Phunziro lawo n'lakuti wowonjezera pa lamulo la Mulungu amalifooketsa. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ikusoweka kwambiri m'mipingo yathu, mmene malamulo a anthu achulukira kuposa a m'Malemba.

Koma tisamati Ayuda ali ndi yankho limodzi. Rashi, rabi wa ku Troyes ku France (1040 mpaka 1105), anaitenga ngati nyama yeniyeni imene inaona awiriwo ali maliseche n'kusirira Hava, ndipo akuti inali ndi miyendo imene inadulidwa pa chilango. Ibn Ezra, katswiri wina wa Chiyuda wofotokozera Malemba, naye anati inkalankhuladi ndi kuyenda choimirira. Philo wa ku Alexandria, amene anakhala nthawi ya Yesu, anati zonsezi n'fanizo: Adamu ndi nzeru, Hava ndi maso, makutu ndi zina zonse zomvera za thupi, pamene njoka ndi chilakolako cha zokoma. Ndiye pali buku lina la arabi la Pirkei de-Rabbi Eliezer, mutu 13, limene likuti mngelo Samael anatsika n'kukwera pa njoka, yomwe nthawiyo inali ngati ngamira. Apa ayandikira kwa ife Akhristu.

Kusiyana kwenikweni kuli pa Satana mwiniwakeyo. Kwa arabi ambiri iye si mfumu ya mdima yolimbana ndi Mulungu, koma woneneza amene sachita kanthu popanda chilolezo, monga pa Yobu 1 ndi 2. Mu Talmud, buku lalikulu la ziphunzitso za arabi, pa Bava Batra 16a, rabi Resh Lakish akuti Satana, mngelo wa imfa ndi yetzer hara, kapena kuti mtima wokokera ku zoipa, ndi chinthu chimodzi. Ndipo pa Kiddushin 30b amati Mulungu analenga mtima umenewu, n'kulenganso Torah, Chilamulo cha Mose, kuti ikhale mankhwala ake. N'chifukwa chake sakhala ndi chiphunzitso cha tchimo lobadwa nalo monga anachifotokozera Augustine, mphunzitsi wakale wa Chikhristu. Iwo amathamangira ku Genesis 4:7, pamene Mulungu akuuza Kaini kuti tchimo lamubisalira pakhomo koma ayenera kuligonjetsa.

Katekisiti, Likuni:
Ndiwonjezereko pa 3:15, chifukwa m'pamene timasiyanirana kwambiri. Rashi akuiwerenga monga udani wa anthu ndi njoka: munthu amamenya kumutu, njoka imaluma kuchidendene poti n'kumene imafikira. Akhristu kuyambira kwa Irenaeus, bishopu wa ku Lyon, cha m'ma 180, anaona mbewu ya mkazi kuti ndi Khristu, ndipo Maria ndi Hava watsopano amene kumvera kwake kunamasula mfundo imene Hava anamanga. Mukaona chifanizo cha Amayi Maria ataponda njoka m'tchalitchi, gwero lake ndi Baibulo la Chilatini la Vulgate, limene linafala ndi mawu oti mkaziyo ndiye adzaphwanya mutu. M'Chiheberi wophwanyayo ndi mbewu, osati mkazi, ndipo Mabaibulo a Chikatolika a masiku ano amatsata Chiheberi. Komanso Ayuda ena akale anaonamo chiyembekezo: Targum ina, kapena kuti Malemba omasuliridwa m'Chiaramu, imati ana a mkazi akasunga malamulo adzakantha njoka, ndipo mankhwala a bala lawo adzapezeka m'masiku a Mfumu Mesiya.

Wa ku Area 25:
Zikomo kwambiri nonse. Koma ndikudziwa kuti wina afunsa ngati njoka zonse n'zotembereredwa, poti kuno njoka ikangolowa m'nyumba anthu amayamba kuloza mfiti.

Mkulu wa mpingo, Kawale:
Funso limenelo lidzabweradi, ndipo muliyankhe ndi Malemba. Pa Numeri 21:8-9 Mulungu yemweyo akulamula Mose kupanga njoka yamkuwa kuti olumidwa aziyang'ana n'kuchira, ndipo Yesu pa Yohane 3:14 akudzifanizira ndi njoka imeneyo. Pa Mateyu 10:16 akuuza ophunzira ake kuti akhale ochenjera ngati njoka. Aisraeli atayamba kuifukizira lubani njoka yamkuwa ija, Hezekiya anaiphwanya (2 Mafumu 18:4), chifukwa inali mkuwa chabe. Nayonso mphiri ya m'munda mwanu ndi nyama chabe. Auzeni anthu kuti wolumidwa asamangidwe chingwe pamwendo kapena kutemedwa mphini pabala. Mwendowo usagwedezeke, ndipo athamangire naye kuchipatala asanayambe kufufuza amene watuma njokayo.