Ndithandizeni, ndimauma pakamwa pa intavyu

Abale anga, ndabwera ndi vuto. Ndinamaliza dipuloma ya akaunti chaka chatha, ndipo ndaitanidwapo ku intavyu katatu, koma konseko sizinayende. Mapepala ndili nawo, chondigwetsa ndi pakamwa.

Ulendo womaliza unali ku kampani ina ku City Centre ku Lilongwe. Malaya ndinasitiratu dzulo lake poopa kuthima kwa magetsi, ndipo ndinafika ola lathunthu nthawi isanakwane. Nditalowa ndinapeza anthu anayi kuseri kwa tebulo lalitali. Mayi wina anangoti ndifotokoze za ine mwini, m'Chingerezi. Mutu unangoti balala! Ndinayamba za kwathu ku Ntcheu, zoti ndine woyamba kubadwa, uku bambo wina akuyang'ana wotchi. Manja anali thukuta lokhalokha mpaka envelopu ya masatifiketi inanyowa. Chondiwawa n'chakuti funso la bank reconciliation (kufananitsa mabuku a ndalama a kampani ndi zimene banki yalemba) ndinkalidziwa bwinobwino, koma yankho labwino linandibwerera ndili m'minibasi ya ku Area 25.

Ndiye inu amene munadutsamo, makamaka amene mumafunsa anthu mafunsowa, funso loyambalo mumafuna kumva chiyani kwenikweni? Akafunsa za malipiro, munthu amene sanagwirepo ntchito atchule ndalama kapena awasiyire eni ake? Chinanso, kwathu tinakula tikuuzidwa kuti kuyang'ana akuluakulu m'maso ndi mwano, koma anzanga akuti kuyang'ana pansi pa intavyu kumaoneka ngati mantha. Ndingazolowere bwanji? Kuyeserera pagalasi ndayesa, ndimangodziseka.

Andiitananso kwina Lachinayi likubwerali, chonde ndithandizeni.